Bwana wa Kuseri kwa Magalasi Akuda

M'dziko lina la fumbi ndi mapiri, m'boma limene dzina lake silikutikhudza, munali mudzi wina womwe anthu ake ankasunga mwambo umodzi kuposa malamulo onse a kutchalitchi: munthu sankavomera kuti chinthu chabwino n'chake.

Ukapeza bambo ataima pakhola la ng'ombe khumi n'kumuyamikira, iye ankapukusa mutu n'kunena kuti n'za amalume ake, iye akungosunga. Mayi akatchena chitenje chatsopano ankati wabwereka kwa mnzake. Ngakhale nyumba ya malata, amene ankagonamo ankati ndi ya m'bale wake wa ku Joni. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma bodza limeneli ndilo linali ulemu, komanso linkachepetsako opempha ndi a kaduka. Munthu akakanitsitsa, m'pamene anthu ankatsimikiza kuti chinthucho n'chakedi. Wonena pagulu kuti "ichi n'changa" anali mwana wa zaka zitatu, apo ayi munthu amene mutu wayamba kumusokonekera.

M'mudzi umenewu ndi mmene munabadwira a Fulayitoni Mdzinga. Anachokamo ndi kabudula wong'ambika, n'kukakhala m'tauni zaka makumi atatu, akugula soya ndi nandolo kwa alimi pa sikelo yomwe inkamvera chisoni mwini wake yekha. Atalemera anabwerera, namanga nyumba kumapeto kwa mudzi, n'kuizinga ndi mpanda wa njerwa wautali ngati wa ndende, pamwamba mabotolo osweka. Miyambo ya kwawo anali ataiwala yonse. Nkhope yawo nayonso anthu anali ataiwala.

Zinthu zinavutira pamaliro ena. A Fulayitoni anafika atavala suti ya mtengo wa ng'ombe, koma mipando inali itatha, ndipo mkulu wina anawalozera njerwa. Patsogolo, pampando wokhala ndi potsamiritsa mikono, panali a Chimbalanga, mphunzitsi wopuma wa jekete lotha m'zigongono. Iwo ndiwo anali Wapampando Wamkulu wa Komiti Yaikulu Yoona za Chitukuko, Mijigo, Milatho ndi Zina Zotero. Udindo umenewu unalibe malipiro. Koma Wapampando akafika anthu ankaimirira, dzina lake linkatchulidwa koyambirira, ndipo chiwindi cha mbuzi chinkadziwa chokha mbale yolowera. Woyendetsa mwambo anatchula a Chimbalanga katatu. A Fulayitoni sanawatchule, kupatula pamene anapempha abambo a suti awo kuti asendeze njerwa yawo bokosi lidutse.

Tsiku lomwelo a Fulayitoni analumbira pamaso pa akazi awo, Nankhoma, kuti pachisankho cha mwezi wa Novembala mpando umenewo ukhala wawo, zikakanika adzasintha dzina. Nankhoma, yemwe anakulira m'mudzi momwemo, anati njira yake ndi yapafupi. Azipereka moni, azicheza pa bawo, azigwira nawo fosholo kumanda. A Fulayitoni anati zimenezo ndi njira za amphawi. Tisanamizane, munthu wa ndalama akasowa chinthu safunsa kuti chimapezeka bwanji. Amafunsa kuti chikugulitsidwa kuti.

M'mawa mwake anakwera basi kupita m'tauni kukagula ulemu.

Anakaupeza pabwalo lina logulitsira galimoto, uli wakuda bii, wautali ngati nkhokwe, matayala ofika munthu m'chiuno. Inali imodzi mwa galimoto zija zokoka ndi matayala onse anayi, zimene anazipangira kukwera mapiri koma eni ake amangopitira kutchalitchi ndi kokawotcha nyama Loweruka. Mipando inali yachikopa, yotenthetsa matako ukadina batani, m'dziko loti nkhuku zimakomoka ndi dzuwa. M'katimo munalinso mawu a mayi wina wachizungu wolozera njira, yemwe pambuyo pake atangoona msewu wa kumudzi anayamba kuchonderera kuti abwerere, ndipo sanasiye mpaka lero.

Wogulitsa anali bambo wa nsapato zosongoka, ndipo pakakhadi kake panalembedwa kuti Mlangizi Wamkulu wa Zoyendera za Anthu Olemekezeka. Anayang'ana mimba ya a Fulayitoni n'kudziwa kuti lero kunja kwacha bwino. Anawauza kuti galimotoyo payokha ili ngati mkwatibwi wongochoka kubafa. Ikufunika kuiveka.

Anaivekadi. Kutsogolo anamanga chitsulo chogundira njati, ngakhale njati yomaliza kuderalo inadyedwa agogo a agogo awo asanamere mano. Padenga anaika nyali zisanu ndi imodzi, ndi kathandala konyamulirapo katundu, pomwe anamangirirapo fosholo yofiira yosakhudza dothi ndi zigubu ziwiri zopanda kanthu. Chammbali anakhomera chipaipi choloza kumwamba, choti injini izipumira powoloka mtsinje wakuya, chonsecho mtsinje wa kumudziko mayi amaulumpha ali ndi mwana kumsana ndi ndowa pamutu. Panabweranso chingwe chachitsulo chokokera, filiji pakati pa mipando, timawayilesi takanema, ndi hutala wolira ngati sitima. Mapulasitiki a pamipando a Fulayitoni anakaniza kuchotsa, kuti aliyense azidziwa kuti ndi yatsopano. Akuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusiyo anagwa yekha, panalibe womulangiza wa nsapato zosongoka.

Chomaliza chinali magalasi. Mlangizi anawamata onse ndi pepala lakuda, loti iwe woyenda pansi ukasuzumira umangoona nkhope yako ndi umphawi wako. Kenako anawakhazika pansi a Fulayitoni n'kuwapatsa botolo la zoziziritsa kukhosi.

"Bwana, galimoto mwagula, tsopano muphunzire kuikwera. Munthu wamkulu sayendetsa yekha. Amakhala kumbuyo, kumanzere. Satsitsa galasi, satsika wamba, sayankha moni wa aliyense. Chinthu chooneka tsiku ndi tsiku chimatsika mtengo, onani tomato. Inu musamaoneke. Muzingomveka."

A Fulayitoni, amene anayendetsa okha lole ya soya zaka khumi, anamva mawu amenewa ngati ulaliki wa pa Pasaka.

Dalaivala sanavute kupeza. Anali mlamu wawo Sinoya, mchimwene wake wa Nankhoma, mkulu wa imvi amene anayendetsapo thalakitala pa esiteti ya fodya asanabwerere kudzalima. Sinoya anali munthu wa anthu. Sankadutsa ngakhale mbuzi ya mnzake osaifunsa kuti mwini wake wadzuka bwanji. Ntchitoyo anavomera, koma anati mpweya wozizira wa m'galimotomo ukumupatsa chimfine, komanso maso ake okalamba sakuona bwino pagalasi lakuda. Choncho galasi la mbali yake linkakhala lotsitsa tsiku lonse, chigongono panja.

Kampeni inayamba dzuwa la Seputembala likuswa mtengo. M'mawa uliwonse chigalimoto chinkatuluka pageti n'kuzungulira mudzi pang'onopang'ono, kuchigayo, kumsika, kumjigo, n'kubwerera. A Fulayitoni ali phee kumbuyo kumanzere. Makina oziziritsa ankawatsegula mpaka kumapeto, poti anawagula ndipo ayenera kugwira ntchito, ndiye kuzizira kukawalowa m'mafupa ankavala chikhoti, mpango m'khosi, bulangete m'miyendo. Kunja anthu ankaimirira, amayi kunyonyomala, abambo kuvula zipewa. A Fulayitoni ankaona zonsezi kuseri kwa galasi n'kumamwetulira okha. Sankadziwa kuti anthuwo akuyankha moni wa Sinoya.

Paliponse pamene galimoto yaima, anthu ankaizungulira n'kumayamikira Sinoya kuti Mulungu wamukumbukira pa ukalamba. Sinoya, munthu wosadziwa kunama, ankayankha zoona zokhazokha.

"Si yanga iyi, abale anga. Ndi ya alamu anga. Ine ndikungoyendetsa."

Anthu ankayang'anana n'kugwedeza mitu. Anati kuleredwa bwino ndiye kumeneku. Munthu wagula chinthu cha mtengo wa mudzi wonse pamodzi ndi manda ake, koma akuyankha ngati mwini njinga. Sinoya akalumbira, iwo ankati mwamva, walumbiranso, ndiye kuti ndi yakedi. Ena anayamba kukumbukira kuti kuyambira kale Sinoya ankaoneka kuti ali ndi kenakake kobisa, chifukwa munthu wamba sangamaseke chomwechija chaka cha njala.

Kunena chilungamo, a Fulayitoni sanaumire. Pamaliro ankatumiza thumba la chimanga ndi mbuzi, koma poti munthu wamkulu satsika wamba, wokapereka anali Sinoya. Iye ankanena momveka bwino kuti izi zachokera kwa alamu ake. Woyendetsa mwambo ankaimirira n'kulengeza kuti a Sinoya, mwa kudzichepetsa kwawo kodziwika, apereka mbuzi m'dzina la alamu awo, ndipo anamfedwa ankasiya kaye kulira kuti athokoze. Ngolo ya a Chimbalanga itatitimira mumchenga wa pamtsinje, ng'ombe zitagwada, Sinoya ndi amene anatsika n'kuikoka ndi chingwe chachitsulo chija. A Chimbalanga anamugwira chanza ndi manja awiri, n'kumuyankhulira Chingerezi chimene ankasungira alendo a ku boma.

Panatsala funso limodzi. Nanga chithunzithunzi chimene chimaoneka kumbuyoko dzuwa likawomba bwino n'chiyani?

Yankho linabwera ndi mayi Nasibeko, wogulitsa tomato pamsika, tsiku limene analumidwa ndi galu. Sinoya anapempha kuti amuthamangitsire kuchipatala, ndipo a Fulayitoni anavomera poti voti ndi voti, bola akhale kutsogolo asayandikire bwana. Apa m'pofunika kudziwa kuti m'mudzimo mpando wa ulemu m'galimoto iliyonse ndi wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Kumbuyo n'kwa matumba, mbuzi ndi odwala ofunika kugona. Mayi Nasibeko atakhala bwinobwino anacheuka, naona munthu atafunda bulangete mwezi wa Okutobala, mpango m'khosi, masaya ali tutumu, mimba ili kutsogolo ngati ya miyezi isanu ndi inayi. Anapereka moni. Munthuyo sanayankhe. Anangodzutsa chala chimodzi n'kuchibwezera pansi.

Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Sinoya akusunga mlamu wake wodwala, amene anabwera kuchokera m'tauni atatupa thupi lonse, moti ngakhale kuyankhula sakutha. N'chifukwa chake mpanda wautali uja, n'chifukwa chake magalasi akuda, kuti anthu asamuone mmene wathera. Ndipo tsiku ndi tsiku Sinoya amamuyendetsa kuti apitidweko mphepo, osadandaula za mafuta. Amayi atafunsa Nankhoma kumjigo, iye anati amuna ake sakudwala ngakhale mutu, amamaliza nkhuku okha. Amayiwo anamusisita kumsana n'kumuuza kuti alimbe mtima, mkazi wabwino amayankha choncho.

Kuyambira pamenepo galimoto ikaima, anthu ankabwera ndi nthochi, mazira, thobwa, ena mizu yoti aziviika m'madzi. Ankapereka kwa Sinoya motsitsa mawu, iye n'kupatsira kumbuyo. A Fulayitoni ankati umenewu ndi mtulo, anthu ayamba kuzindikira mtsogoleri wawo. Mazira ankaika mufiliji.

Tsiku lina Sinoya anaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango n'kutembenuka.

"Alamu, mukanatsitsako galasi kamodzi, anthu akuoneni mano. Kunjaku akuti mukudwala."

"Ndani akutero?"

"Onse. Mizu ija mukuti ndi ya tiyi?"

"Ndi nsanje imeneyo. Inu gwirani chiwongolero, alamu. Ndale muzisiyire ife amene tinayenda."

"Chabwino. Ine ndine wa thalakitala, ndidziwa chiyani. Koma mazirawo muzindigawirako, poti wonamiziridwa chifundo ndine."

Nankhoma nayenso anayankhula mpaka kukhosi kuuma. A Fulayitoni anaona kuti mwina pali vutodi, ndipo anachita zimene anthu a mtundu wawo amachita vuto likabwera: anabwerera kusitolo. Mlangizi anamvetsera nkhani yonse atatsinzina, n'kunena kuti cholakwika n'chakuti magalasiwo sanade mokwanira, n'chifukwa chake anthu akuona zithunzithunzi. Anamatanso pepala lachiwiri. Anawonjezera kambendera paboneti ndi zokuzira mawu ziwiri padenga. A Fulayitoni ankafuna kuti zizifuula dzina lawo, koma Mlangizi anati dzina la munthu wamkulu silifuulidwa ngati usipa, galimoto ndiyo dzina lake. Choncho kwa masabata awiri omaliza chigalimoto chinkayenda m'mudzi chikubangula kuti pampando wa Wapampando sankhani mwini wake wa galimoto iyi, pawindo pali Sinoya, chigongono panja, akufunsa anthu mmene adzukira. Anthu anati taonani, ngakhale pa kampeni akuchita manyazi kutchula dzina lake.

Chisankho chinachitikira pabwalo la sukulu. Kumeneko savotera m'bokosi. Ofuna mpando amaima patsogolo atafulatira, osaloledwa kucheuka, ndipo wezulo ikalira aliyense amakafola kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Wa mzere wautali ndiye wapambana. Woyang'anira anali bwana wina wa ku boma, Mkulu Woonetsetsa Kuti Zisankho Zayenda Mwabata ndi Mwachangu, amene anabwera pa njinga yamoto ndipo ankafuna kuchoka nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Papepala lake panali mayina awiri, a Chimbalanga ndi a Fulayitoni Mdzinga.

Galimoto inafika, Sinoya n'kuiimika pamthunzi chapambali pa bwalo. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo a Fulayitoni anaponda dothi la m'mudzimo pamaso pa anthu koyamba m'miyezi itatu. Atachoka m'chisanu chija dzuwa linawamenya ngati mpini. Anadzandira pang'ono, thukuta lili kamukamu. Amayi ananong'onezana kuti ayi ndithu wayesetsa, mpaka kuyenda yekha. Ataona akukaima patsogolo pafupi ndi a Chimbalanga, anthu anati musiyeni, mwina adokotala anamuuza kuti aziwothera dzuwa. Sinoya anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta fumbi pachitsulo cha njati, atafulatira gulu.

Wezulo inalira. A Fulayitoni anamva mapazi ngati ng'ombe zikupita kudibi, nyimbo, nthungululu, fumbi mpaka m'mphuno. Anatulutsa chifuwa n'kukonza tayi. Anayamba kuganiza zoti mpando wa Wapampando aukutire ndi chikopa.

Wezulo yachiwiri italira anacheuka. Kumbuyo kwawo kunali Nankhoma yekha, atagwira ambulera, akuyang'ana pansi. Kumbuyo kwa a Chimbalanga kunalibe munthu, ndipo a Chimbalanga eni ake panalibenso. Anali ataima koyambirira kwa mzere wina, umene unayambira pamsana pa Sinoya, n'kudutsa pabwalo, kuzungulira kalasi ya sitandade wani mpaka kuseri kwa zimbudzi.

Sinoya anatembenuka ali ndi kansanza m'manja. Anati iye sanalembetse, sakufuna mpando, ndipo galimotoyo si yake ndi ya alamu ake aima apowo. Nthungululu zinalira mpaka akhwangwala kuthawa m'mitengo. Bwana wa ku boma anati papepala palibe dzina la Sinoya. A Chimbalanga anakonza jekete lawo n'kumufotokozera, pang'onopang'ono ngati m'kalasi, kuti m'mudzi muno munthu woleredwa bwino salembetsa chinthu m'dzina lake, amalembetsa m'dzina la m'bale. Bwanayo anayang'ana mzere, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti lamulo likuti wa mzere wautali, silikunena kuti mwini mzere akhale akufuna. Anafufuta dzina la a Fulayitoni n'kulemba la Sinoya.

Apa m'pamene a Fulayitoni anaiwala maphunziro onse a Mlangizi.

"Galimoto iyi ndi yanga! Matayala anga, nyali zanga, filiji yanga. Mbuzi munadya pamaliro zija ndi zanga. Ndinagula ndekha, ndi ndalama zanga, ine Fulayitoni Mdzinga!"

Amayi anagwira m'masaya. Mayi Nasibeko ananong'ona kuti kalanga ine, matenda aja akwera kumutu. Mkulu wina wa mpingo anauza anthu kuti munthu wotere osalimbana naye, kumangomuvomereza. Anapita n'kuwagwira a Fulayitoni paphewa mwachikondi.

"Inde bambo, ndi yanu. Zonse n'zanu. Ndi sukuluyinso ndi yanu. Tiyeni pamthunzi."

Amuna anamunyamula Sinoya pamapewa kuzungulira bwalo mpaka kubwerera pagalimoto. Anagwirizana kuti Wapampando Wamkulu sangagwire chiwongolero pa tsiku lake lalikulu, wina amuyendetse. Anadzipereka anali ambiri. Wina anati anayendetsapo ngolo ya abulu, kusiyana kwake n'kochepa. Wina wa kabaza, manja ali bii ndi girisi wa tcheni, anali atagwira kale chitseko. A Fulayitoni ataona manja amenewo akulunjika pachikopa chawo, anadumpha ngati mnyamata, namukankha, n'kukhala pampando wa dalaivala. Mpando wa komiti unali utapita, koma galimoto ayi.

Anthu anamutsegulira Sinoya chitseko chakutsogolo. Iye anakana, n'kunena kuti miyezi yonseyi wakhala akufuna kudziwa kuti kumbuyoko kuli chiyani. Anakwera kumbuyo kumanzere, nafunda bulangete, natsegula filiji.

"Tiyeni, alamu. Muyende pang'onopang'ono, ndipo galasi lanulo musakweze. Anthu a kuno amafuna moni."

Chigalimoto chinanyamuka bwinobwino, osagwedezeka, poti a Fulayitoni chiwongolero ankachidziwa. Chinadutsa pakati pa gulu, nkhope yawo ili pawindo, ndipo mudzi wonse unawaona. Unawawombera m'manja, unawabayibitsa, ena mpaka kuwatchula dzina. Mayi Nasibeko anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kutembenukira kwa anzake.

"Mwauona mtima wa a Wapampando? Ena munthu wotereyu akanakamusiya kuchipatala cha amisala. Iwo amulemba ntchito."